Misere ya Apongozi

Nkhuku za Lilian zinanenepa mochititsa manyazi. Zinkayenda modzikoka, zidali zikukhula pansi, ndipo ikati yakhala, kudzuka kwake inali ntchito. Pomwe za apongozi ake, a Tatu, zogulidwa tsiku limodzi, kwa munthu mmodzi, m'katoni imodzi, zinali makosi ndi miyendo basi, liwiro lokhalokha ngati zachikuda. Za mlamu wake Sumayyah, mwana wamkazi wa a Tatu, zinali pakatikati, zosanyaditsa komanso zosaliritsa. Makola atatuwo anali ondondozana kuseri kwa nyumba ku Chilomoni, kumtunda kuja kumene minibasi imakana kufika, moti aliyense wopita kukataya madzi ankadzionera yekha kusiyanako.

Lilian anali mwana wa a Januario a ku Bangwe, Akatolika, omwe makolo awo anachokera ku Mozambiki. Anakwatiwa ndi Hafizi, telala, mwana wotsiriza wa a Tatu, banja la Chisilamu, ndipo kunena zoona apongoziwo anamulandira ndi manja awiri. Anamuphunzitsa za halali ndi haramu mosakalipa, anamuonetsa kaphikidwe ka mpunga wa pa sadaka, ndipo madzulo aliwonse ankadya ndiwo zophika iye, n'kumauza anzawo akumzikiti kuti mtengwa wawo ali ndi dzanja. Lilian mayi ake anamwalira ali wamng'ono, ndiye mawu amenewo ankamukoma mpaka m'mafupa.

Vuto linali limodzi: a Januario ndi oweta nkhumba, ndipo Bangwe yense amawadziwira zomwezo. Sumayyah si munthu woipa mtima ayi, koma pakamwa pake palibe chitseko. Tsiku lina ali pampopi anangoti kaya alamu amabweretsa chiyani m'chikwama akapita kukaona bambo awo. Anatero akuseka, n'kusenza ndowa yake, n'kuiwala. Koma inu mukuwadziwa anthu apampopi. Mawuwo anazungulira mpaka kumsika, ndipo pobwerera kudzalowa m'khutu mwa a Tatu anali atamera miyendo: akuti Lilian amathira mafuta a nkhumba m'chakudya cha nkhuku zake.

A Tatu sanakalipe, sanafunse, sanatchule munthu. Anangosiya kudya chilichonse chochokera mumphika wa Lilian. Mbale inkapita yovindikira n'kubwerako yovindikira, iwo n'kumati m'mimba mwawo simuli bwino, kenaka n'kumveka akukoleza mbaula yawo kuchipinda. Zinamupweteka Lilian, zinamupweteka kwambiri, moti ankakalirira kubafa madzi akutayika dala kuti asamveke. Ndipo kutsogolo kunali sadaka ya malemu a Abdula, bambo wa pakhomopo. Abale a ku Machinjiri ndi a ku Mangochi akadzadzaza bwalo, aliyense adzaona kuti mtengwa wawo sakumulola kukhudza mphika, ndipo nkhani yotero siitha, imakalamba ndi mwini wake.

Hafizi anayesa kulankhula ndi mayi ake. Iwo anati sananene munthu, angoti m'mimba. Kenaka anamufunsa mofatsa kuti poti iye ndi wanzeru, awauze: anapiye amodzimodzi, madzi a mpopi umodzi, chakudya cha mumgolo umodzi, nanga zina zikunenepa ndi chiyani? Hafizi anangobwerera kumakina ake osokera.

Za mgolo umodzi ankanena zoona. Chakudya cha nkhukucho ankapanga okha pakhomo. A Jailosi, owotcherera zitsulo ku Ndirande, anawakonzera mgolo wogoneka chammbali pa miyendo yachitsulo, wokhala ndi chopukusira kumapeto ndi kachitseko pamimba. Loweruka lililonse ankathiramo misere ya chimanga ndi soya wokazinga wogaya mokhakhala, n'kuwonjezera zonenepetsazo: ufa wa usipa, mchere, laimu ndi kaufa ka mavitamini. Akatseka kachitseko, wamng'ono pa onse ankapukusa, ndipo wamng'onoyo anali Lilian.

Pakhomo pa a Tatu zinthu zimayenda mwaulemu. Woyamba kutapa ndi mwini khomo. Ndiye poti gawo loyamba ndi la apongozi, Lilian ankaupukusa mgolowo ndi mtima wake wonse, thukuta kamukamu, kuti za amayi zisakanikirane bwino kuposa za wina aliyense. Akatsegula ankapatuka n'kukagwada chapatali, maso pansi, poti mtengwa sasuzumira m'ndowa ya apongozi. A Tatu ankatapa pamwamba mpaka gawo lawo litakwana. Kenaka kupukusanso, Sumayyah n'kutapa pamwamba pomwepo. Zotsalira zake, zafumbi, zonunkha, zoyetsemulitsa, ndi zimene Lilian ankakokolola, mumtima n'kumati palibe kanthu, wamng'ono amadya makombo.

Tsono choseketsa n'chakuti Lilian yemweyu, Lolemba mpaka Lachisanu, anali injiniya pa kampani ina yosakaniza feteleza cha ku Chirimba, ndipo ntchito yake inali ya migolo yozungulira yomweyi, kungoti ya kumeneko ndi ikuluikulu ngati minibasi. M'malo mowononga matumba poyesera, iye ankamanga mgolo mu kompyuta. Ankaiuza kukula kwa mgolowo, liwiro lake, kukula ndi kulemera kwa njere zothiramo, ndipo kompyutayo inkatsata kanjere kalikonse pakokha: kagunda kati, kagubuduzikira kuti, kakagwera pati. Pagalasi pankaoneka timikanda tamitundumitundu tikugubuduzika mumgolo woonekera mkati. Ntchito ankaidziwa mtsikanayu, osati masewera. Koma akatsika minibasi ku Chilomoni n'kumanga chitenje, uinjiniya wonse unkatsala pasiteji, pakhomo n'kulowa mtengwa yekha. Musamuseke, ambirife nzeru timazisiya pageti tikamapita kwa apongozi.

Lolemba lina abwana ake anabwera ndi funso. Ankafuna kudziwa chifukwa chake mgolo watsopano uyenera kuwotchereredwa zipsepse zachitsulo mkati, ngati wosalala sungagwire ntchito yomweyo. Lilian anati awaonetsa. Anamanga mgolo wosalala mu kompyuta, n'kuthiramo timikanda toyera tikulutikulu ndi tofiira ting'onoting'ono, n'kuusiya ukuwerengera iye n'kupita kukadya tchipisi ku Kameza. Atabwerako anakhala pansi kuonera.

Poyamba timikandato tinasakanikirana bwinobwino. Koma mgolo utapitiriza kuzungulira, tofiira tija tinayamba kupulumukira m'mipata ya toyera, kulowa pansi, mpaka tonse tinakaunjikana pakatikati, toyera n'kutiphimba pamwamba ndi m'mbali. Kuzungulira kukamachuluka, kupatukanako kunkanka kuyera. Lilian izi anaziona kambirimbiri chiyambire kusukulu, sizinali zachilendo. Kungoti tsikulo phewa linkamuwawa ndi kupukusa kwa Loweruka, ndiye ankaonera akulisisita. Dzanja linangoima paphewa pomwepo.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Mgolo wa a Jailosi ndi wosalala mkati."

Anayamba kuseka. Anaseka mpaka kugwetsa mutu patebulo, misozi ili chuchuchu, moti Clara, mnzake wa tebulo loyandikana, anathamangira kukatunga madzi poyesa kuti walandira uthenga wamaliro. Lilian analephera kumufotokozera. Ankangoloza galasi n'kumati nkhuku, nkhuku, Clara n'kumayang'ana timikanda osaona nkhuku ngakhale imodzi.

Sabata imeneyo Lilian anagwira ntchito ngati wolodzedwa. Anayeza mgolo wa kuseri kwa nyumba ndi tepi ya utelala ya mwamuna wake. Anatenga misere, soya ndi ufa wa usipa m'timapepala ta shuga kukazisefa ndi kuziyeza kuntchito. Anamanga mgolo wa a Jailosi mu kompyuta monga ulili, ndi kachitseko kake komwe, n'kuikamo ndowa zitatu zotapa motsatana. Zimene zinatuluka zinali zimene ankayembekezera, koma kuipa kwake kunaposa.

Hafizi atazimva anafuna kuthamangira kwa mayi ake nthawi yomweyo, Lilian anachita kumugwira malaya. Akawauze chiyani? Kuti ulemu umene amapatsidwa ndi umene wawondetsa nkhuku zawo? Kuti kuyamba kwawo ndiye vuto? Mawu otero mtengwa sangawatulutse, ndipo mwana wawo akawatulutsa adzati wamutuma ndi mkazi. Khoswe anali atakhala pamkhate. Anagwirizana kuti asanene kanthu, angowapempha amayi kuti Loweruka, asanayambe kusakaniza, aonereko kanema wa kuntchito kwa Lilian. A Tatu zina amakana, koma kanema sakana.

Loweruka m'mawa anayala mkeka pakhonde la kuseri, laputopu n'kuikhazika pa ndowa yovundikira. A Tatu anakhala patsogolo, nkhope ili gwa. Sumayyah anakhala pambali pawo, ndipo azimayi awiri oyandikana nawo nyumba, omwe anangobwera kudzapempha moto, anaiwala za motowo. Lilian anagwada n'kunena mawu ochepa chabe: kuti uwu ndi mgolo wathu womwewu, toyerati ndi misere ndi soya, tofiirati ndi usipa ndi mavitamini. Basi anadina.

Mgolo unayamba kuzungulira. Timikanda titasakanikirana, Sumayyah anati onani zatheka kale, mmene timachitira muja. Koma mgolo sunaime. A Tatu anasendera pafupi, n'kusenderanso, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

"Nanga tofiirato tikuthawira kuti?"

Azimayi aja anayamba kutsata kamkanda kamodzi kofiira komwe kanatsalira pamwamba, kumakachemerera ngati mpira kuti kalimbe, koma nakonso kanapeza mpata n'kumira, onse n'kufa nacho chiseko. Ngakhale a Tatu milomo inawagwedera. Kenaka mgolo unaima, kachitseko n'kutseguka. Ndowa yoyamba inatapa pamwamba n'kutuluka ili mbee. Yachiwiri inatuluka ndi tofiira tapatalipatali. Yachitatu inatuluka ili psuu.

Ndowazo zinalibe mayina, koma panalibe wosadziwa eni ake.

A Tatu anatembenukira kwa Lilian, koyamba pa masabata ambiri.

"Makinawa amawauza zonena ndi ndani?"

"Ndine, amayi."

"Ndiye mboni yanuyi ndi m'bale wanu."

Lilian anafuna kufotokoza kuti kompyuta siikondera, imangotsata malamulo a kugwa ndi kugundana kwa zinthu, koma anaona kuti kutero n'kukangana ndi apongozi pamaso pa alendo. Komanso, akaganiza bwino, amayi sankanama: amene anaiuza zonse anali iye. Anangoweramitsa mutu n'kuvomera kuti n'zoona.

A Tatu anadzuka, n'kumangitsa chitenje. Analamula kuti mumgolo muthiridwe zonse monga mwa masiku onse, ndipo anaimirira pomwepo kuonerera chilichonse chikulowa. Lilian atati agwire chopukusira anamukaniza, n'kuloza Sumayyah. Sumayyah anapukusa pang'ono n'kuima, mayi ake n'kumuuza kuti apitirize, apukuse mmene amapukusira alamu ake. Anapukusa mtsikana mpaka kuyamba kuitana mayina a makolo, ndipo m'pamene anadziwa kuti ntchito imene ankaionera patali ija inali yothyola msana.

Atatsegula, pamwamba panali misere yokhayokha, yoyera bwino, yokongola, yomwe a Tatu anakhala akuitapa monyadira Loweruka lililonse. Iwo anavula zibangili n'kumupatsira mmodzi wa alendo aja. Anapinda mkono wa diresi mpaka paphewa. Kenaka analowetsa dzanja m'miseremo, kulikankha, kulikankhabe mpaka chigongono chinamira, n'kufumbata za pakatikati. Potulutsa, m'dzanjamo munali ufa woderako, wosalala, ndipo fungo la usipa linafika mpaka pakhonde. Anaununkhiza n'kuyetsemula. Anayang'ana za m'dzanja, n'kuyang'ana za pamwamba, n'kuyang'ana kukhola kwawo kumene nkhuku zawo zinkasuzumira ndi makosi awo aatali aja.

Chiseko chinayambira m'mapewa. Kenaka chinatuluka chonse, chiseko cha munthu wamkulu chimene chimamveka mpaka kumsewu. Anatsamira mgolo, mpango n'kutsetsereka kumutu osaumva, misozi ikudula mizere m'fumbi la kumaso.

"Ndiye miyezi yonseyi nkhuku zanga zakhala zikufunga, kusala kudya osamasula, usipa wonse ndikusiyira inu?"

"Ndipo ine ndinkapukusa kwambiri dala, amayi," anatero Lilian, "kuti zanu zikome."

Apa ndiye a Tatu anachita kukhala pansi. Anati chibadwire anamvapo za anthu ophedwa ndi njala, ena ndi nsanje, koma nkhuku zophedwa ndi ulemu anali asanazimvepo. Anafunsa Lilian kuti nanga iye ankati fumbi lija n'chiyani, ndipo atayankha kuti ankaliyesa makombo, chiseko chinayambiranso, alendo aja akuombana m'manja. Hafizi, yemwe nthawi yonseyi ankanamizira kukonza njinga pakona, anasiya kunamizira.

Sumayyah anati azembe mwakachetechete, koma mayi ake anamuona. Sanamuchititse manyazi ndi mawu ambiri. Anangomuuza kuti atenge ndowa apite kumpopi, ndipo mawu amene anakataya kumeneko akawatole ndi pakamwa pomwepo, mokweza chimodzimodzi. Sumayyah anapita kaye kwa Lilian n'kumugwira dzanja, n'kupepesa kuti alamu mundikhululukire, pakamwa pangapa ndi pamene padzandiphe. Lilian analibe malo osungira mkwiyo tsiku limenelo. Ndipo kunena zoona Sumayyah nkhaniyo anakaikamba bwino kumpopi, ndi manja omwe, kuposa mmene anakambira yoyamba ija.

Lilian atalimba mtima anaonetsa kanema wachiwiri, wa mgolo womwewo koma uli ndi zipsepse mkati zonyamula za pansi n'kuzikhuthulira pamwamba. Anawonjeza kuti kuthira timafuta pang'ono tophikira kumathandiza kuti ufa umatirire ku misere, komanso kuti kupukusa kukhale kwa pang'ono, osati kofuna kuonetsa chikondi. A Tatu anaonera mpaka kumapeto, ndipo ataona ndowa zonse zitatu zikutuluka zofanana anati makinawa ayamba kulankhula zanzeru. Anatuma Hafizi kuti aimbire a Jailosi abwere ndi zowotcherera zawo. Za kutapa anati zisasinthe, woyamba akhalabe iwo. Wolakwa ndi mgolo, ndiye akonzedwe ndi mgolowo.

Atasamba m'manja anavalanso zibangili, n'kulunjika kukhola kwa Lilian, kumene anali asanapondeko chiyambire mphekesera ija. Anaima pakhomo pa kholalo nthawi yaitali, manja kumbuyo, ngati munthu wosankha nsalu. Kenaka anawerama n'kumbwandira tambala wonenepa kuposa onse, yemwe sanayese n'komwe kuthawa.

"Uyu wadya usipa wanga," anatero. "Ndi wanga."

Anamupatsira Hafizi kuti amuzinge mwa Chisilamu. Sumayyah, yemwe anali atangofika kuchokera kumpopi, anathamangira kutenga mphika wa mayi ake monga ankachitira masiku onsewo. A Tatu anamuuza kuti aubwezere pamalo pake, n'kuloza Lilian.

"Aphike apongozi anga. M'mimba mwanga mwachira."

Lilian analowa m'khitchini. Anali wosangalala moti sankadziwa choyamba kugwira. Anakazinga nkhukuyo ndi adyo ndi tsabola mmene anamuphunzitsira a Tatu omwewo, anaphika mpunga, ndipo m'chisangalalomo anathira mchere, n'kuiwala kuti wathira, n'kuthiranso. Anazindikira atalawa, zinthu zitapsa kale. Anaima ndi chipande m'manja akufuna kulira, koma nthawi yophikanso ina panalibe.

Anapakula za amuna n'kukapereka kuchipinda chochezera, za amayi n'kukatula pamkeka atagwada, iye n'kubwerera kukhitchini kuti akadyere komweko monga mwa masiku onse. Asanakhale n'komwe anamva akuitanidwa. A Tatu anasendera n'kumenya pamkeka ndi chikhatho, pambali pawo penipeni. Lilian anakhala chammphepete, iwo n'kumukoka chitenje kuti asendere, n'kukankhira mbale pakati pa awiriwo.

Kuchipinda chochezera kunamveka supuni ikusakasaka m'mbale. Posakhalitsa Hafizi anasuzumira pakhomo kudzafunsa ngati tambala ameneyu anabadwa wopanda nthutumba, poti pakhomopo, chimwalirireni bambo ake, nthutumba inali yake. Mayi ake anamuuza kuti abwerere akadye zimene wapatsidwa. Atachoka, anavundukula kambale kamene anakabisa kuseri kwawo, n'kutenga nthutumbayo, n'kuiika mbali ya Lilian. Anamuuzanso, ngati nkhani wamba, kuti pa sadaka ya a Abdula mphika wa nyama udzakhala wake, ndipo a ku Mangochi akadzafunsa wophika adzawayankha okha.

Lilian anakankhira mbale kwa apongozi ake. Anati ayambe ndi amayi.

"Kuyamba kwandiwondetsera nkhuku," anatero a Tatu. "Bisimila, tipisire limodzi."

Anapisa limodzi. Lilian sanatafune, ankangoyang'ana pakamwa pa apongozi ake. A Tatu analuma ntchafu, n'kutafuna pang'onopang'ono, n'kumeza, n'kumwera madzi. Anati mcherewu ndiye wathiridwa ndi mtima wonse ngati kupukusa kuja. Kenaka anapsontha fupa, n'kuliika pambali, n'kukweza mbale kuti awawonjezere msuzi.

Lilian anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi mphika wonse.